Kukonza zithunzi 8 za amisiri akale a ku Guangzhou

11 Januwale

Ndinapita kumsika wa zinthu zakale kufupi ndi kuno ku Leicester kukafuna mafelemu, poti ntchito imene imandidyetsa ndi yoika zithunzi m'mafelemu. Mafelemuwo sindinawapeze. Pansi pa mulu wa magazini panali chikuto cha nsalu yofiira, chothothoka m'mbali, ndipo m'kati mwake munali zithunzi zisanu ndi zitatu zojambula pamanja. Chilichonse chili ndi mmisiri mmodzi, Mtchaina, ali pa ntchito yake. Kumbuyo kwake kulibe nyumba, mtengo ngakhale msewu. Munthu ndi zida zake basi.

Chimene chinandiimitsa ndi cha bambo wina wonjuta pafupi ndi kang'anjo, akumata mphika wachitsulo. Bambo anga anakalambira pamsika wa Limbe akukhoma ndowa ndi kumata mapoto obooka, ndipo kanjutidwe kameneka, mawondo m'mwamba, msana utapindika, ndinakula ndikukaona tsiku ndi tsiku.

Wogulitsa anayambira mapaundi 60, tinamvana pa 45. Iye ankati zinajambulidwa pa pepala la mpunga.

Ndinaika chikutocho choimika m'chikwama. Pofika kunyumba, ngodya ya chithunzi cha wosoka nsapato inali itabenthuka, kachidutswa kofanana ndi chikhadabo. Ndakasunga mu envelopu. Mukadzapeza zoterezi, zinyamuleni chogoneka, pakati pa makatoni awiri olimba, m'manja osati m'chikwama.

18 Januwale

Si pepala la mpunga, ndipo kunena zoona si pepala n'komwe. Amene munapangapo magalimoto a mapesi muli ana mukukumbukira nyama yoyera yofewa ya m'kati mwa phesi. Ichi n'chofanana nacho, koma chimachokera m'kati mwa mtengo wotchedwa Tetrapanax papyrifer, umene Atchaina amati tongcao ndipo umamera ku Taiwan ndi kumwera kwa China. Amatulutsa mtima wake woyerawo, n'kumausenda mozunguliza ndi chimpeni chakuthwa, ngati mmene timasendera lalanje khungu lake osaduka, mpaka patuluke chinsalu chopyapyala. N'chifukwa chake zithunzizi sizikhala zazikulu. Zangazi n'zokwana masentimita 27 m'litali ndi 18 m'lifupi. Ndikaziyang'ana ndi galasi lokuzira zinthu ndimaona timaenje tandandalika ngati chisa cha njuchi, ndipo utoto wakhala pamwamba, wotukukako pang'ono, ngati nsalu yopetedwa.

Zimenezi ankazijambula ku Guangzhou, mzinda wa kumwera kwa China umene azungu ankautcha Canton. Kuchokera mu 1757 mpaka 1842, limenelo ndilo linali doko lokhalo limene amalonda a ku Ulaya ankaloledwa kugulako tiyi, silika ndi mbale zadothi, ndipo ankawatsekereza m'kadera kakang'ono m'mbali mwa mtsinje, kunja kwa linga la mzinda. M'kati mwa mzinda sankaloledwa kulowa. Ndiye m'timisewu ta m'kaderako, monga New China Street ndi Old China Street, munadzaza mashopu a ojambula amene ankawagulitsa China amene sankatha kumuona ndi maso: maboti, mbalame, maluwa, akuluakulu a boma, ndi anthu a ntchito zamanja. Zojambula pa tongcao zinayamba kuchuluka cha m'ma 1820, zinali zotchipa ndi zopepuka, ndipo kawirikawiri ankazimanga 12 m'chikuto chimodzi. M'chikuto changa muli zitsa za masamba anayi amene anang'ambidwamo.

Chinthu china chimene ndaona: sanazimate ndi guluu patsamba. Anazigwiriza ndi riboni ya silika wobiriwira ngati thambo kuzungulira m'mbali, kuti chithunzicho chizitha kufufuma ndi kunyala popanda kung'ambika. Pa zitatu riboniyo inamatuka, ndipo zitatu zimenezo ndizo zili ndi ming'alu yambiri.

Ndazilemba motere: wometa, wonola mipeni, wosoka nsapato, wopenta nyali za pepala, wogulitsa ndiwo zamasamba, wosoka mbale, womata miphika, ndi wachisanu ndi chitatu amene wanyamula uta waukulu, ndamulemba kuti woimba. Chilichonse ndachijambula ndi foni kumaso ndi kumbuyo ndisanakhudze kanthu.

Bokosi losungiramo ndi mapepala opanda asidi, mapaundi 22. Kachipangizo koyezera chinyezi, 8.

1 Febuluwale

Ndawononga chimodzi, ndipo ndifotokoza zonse mmene zinayendera.

Ndinagula sitalichi ya tirigu (mapaundi 6), pepala lopyapyala la ku Japan (14), maburashi atatu (9) ndi mapepala omwa madzi (5). Ndinaitanitsanso tongcao wosajambulidwa, amene anthu opanga maluwa oyerekezera amagwiritsabe ntchito, mapaundi 11, woti ndiphunzirirepo. Anachedwa kufika. Ine n'kuti phala la tirigu ndalizolowera, ndamata nalo mapepala ong'ambika osawerengeka kuntchito, ndiye ndidikiriranji.

Ndinasankha wonola mipeni, amene anali ndi mng'alu wa masentimita 4 kuchokera m'mphepete mpaka pa mwendo wa benchi yake. Ndinaphika phala, ndinalisefa, ndinalisungunula mpaka linakhala ngati mkaka, ndinapaka pa kachidutswa ka pepala la ku Japan n'kukaika kumbuyo kwa mng'aluwo. Mphindi imodzi isanathe, malowo anatukuka ngati chithuza. Timaenje tija tinamwa madzi n'kufufuma, pamene pozungulira panali pouma. Mtima unagunda, ndinaikapo pepala lomwa madzi n'kutsendereza ndi chitsulo chimene ndimatsenderezera mapepala. Apa m'pamene ndinaipitsiratu. M'mawa mwake chithuza chinali chitaphwa, koma pamalopo patsala chibowo chosalala, chonyezimira, chachikulu ngati chala chachikulu, poti timaenje tinaphwanyika ndipo sitingadzukenso. Kumapeto kwa mng'alu wakale kwaphukanso wina wa sentimita imodzi.

Amayi a kunyumba anandipeza nditangoti duu patebulo. Anati, "Bambo, zinthu zapirira zaka zonsezi, mwezi umodzi sizingakudikireni? Kafunseni odziwa." Ndatseka bokosi.

15 Febuluwale

Abwana anga kuntchito anandilumikiza ndi mayi wina wachikulire amene ntchito yake ndi yokonza zojambula zakale za papepala. Ola limodzi, mapaundi 60. Pa ndalama zonse zimene ndawononga pa ntchitoyi, izi ndizo ndikanayenera kuyambira.

Sanandikalipire. Anayang'ana wonola mipeni nthawi yaitali, kenako anandiuza kuti tongcao amadana ndi zinthu ziwiri, madzi ndi kukanikiza, ndipo ine ndinam'patsa zonse usiku umodzi. Njira imene anandionetsa ndi iyi. Ufa wa guluu wotchedwa Klucel G umasungunuka mu sipiriti, osafuna madzi. Magalamu 4 mu mamililita 100, n'kuusiya usiku wonse. Umapaka pa pulasitiki yosalala, n'kuyalapo pepala la ku Japan, n'kulisiya liume. Ukafuna kumata, umang'amba kachingwe kopyapyala ngati mamilimita 3, umakagoneka kumbuyo kwa mng'alu, n'kukakhudza ndi nsonga ya burashi yonyowa pang'ono ndi sipiriti. Guluu uja amadzuka, amagwira, sipiriti n'kuuluka tongcao asanafufume. Chotsenderezera chisapose kathumba ka mchenga wodzaza dzanja limodzi, ndipo pansi pake pakhale chofewa. Anati ndiziyesa kaye utoto uliwonse ndi kadontho ka sipiriti pakona, chifukwa wina, makamaka wachikasu, umatha kuyenda. Zenera likhale lotsekula.

Anandichenjezanso za utoto. Woyera wa nthawi imeneyo nthawi zambiri unkakhala wa mtovu, ndipo umada ukakalamba. Madontho akuda pa malaya a wogulitsa ndiwo si litsiro ayi, ndisayese kuwapukuta. Wobiriwira wina wowala unkakhala ndi poizoni wa arsenic. Chizolowezi chosongola burashi ndi milomo ndichisiye, ndipo ndizisamba m'manja ndikamaliza. Labala ayi. Fumbi ndizichotsa ndi burashi yofewa, pamalo opanda utoto pokha.

Klucel G, mapaundi 12. Sipiriti, 7. Tongcao wophunzirirapo uja anafika. Ndakhala madzulo asanu ndikumuthyola dala n'kumamulumikiza. Zolumikiza khumi zoyamba zinali zokhota. Kuyambira pamenepo dzanja layamba kumva.

1 Malichi

Wometa. Wina kalekale anamata mng'alu wake ndi selotepi, kumaso kwenikweni. Mwayi wake, selotepiyo inauma yokha ndipo nditailowetsa kampeni ka madokotala pansi inangonyamuka, osatenga utoto. Koma yasiya mzere wofiirira umene unalowa m'timaenje. Ndinayesa pakona ndi sipiriti, bangalo linangoyamba kufalikira, ndinasiya pomwepo. Likhala choncho. Ming'alu iwiri ndailumikiza kumbuyo ndi tizingwe 7, ndipo palibe patukuka.

Ndakhala naye maola anayi munthuyu, ndiye ndamuona bwino. Katundu wake yense ndi wa pa nsungwi imodzi yonyamulira paphewa. Mbali ina kuli kambaula kokhala ndi beseni la madzi otentha pamwamba, mbali inayo kuli kampando kofiira kokhala ndi madirowa atatu, mosungira malezala ndi zipeso, komwenso kasitomala amakhalira. Wometedwayo wawerama, chipumi chametedwa mpaka pakati pa mutu, ndipo kumbuyo kwatsala tsitsi lalitali loluka. Kametedwe kameneka sikanali kofuna munthu. Mafumu a Qing, amene ankalamulira China nthawi imeneyo ndipo anali a mtundu wa Manchu, analamula mu 1645 kuti mwamuna aliyense azimeta choncho, ndipo wokana ankaphedwa. Lamulo limeneli ndilo linadyetsa ometa oyendayenda mpaka ufumuwo unatha mu 1912, poti chipumi sichichedwa kumera.

9 Malichi

Kwazizira kwambiri sabata ino, hita inali yoyatsa usana ndi usiku. Kachipangizo kanatsika kufika pa 29 peresenti. Wopenta nyali, amene ndinamusiya patebulo nditangomufunditsa pepala, wapindika ngati tsamba la fodya louma ndipo mng'alu wake watalika. Ndasamutsira ntchito yonse m'kachipinda kopanda hita, kumene chinyezi chikukhala pakati pa 45 ndi 50. Patatha masiku atatu ali m'bokosi lotseka, wagona yekha. Tsopano kachipangizo kakatsika pansi pa 40 sindigwira chilichonse.

22 Malichi

Mnzanga wa kuntchito makolo ake anachokera ku Hong Kong, ndipo lero anabwera ndi bambo ake, agogo a zaka zopitirira 80 amene anakulira m'chigawo cha Guangdong, momwe muli Guangzhou. Ndinayala zonse patebulo.

Atafika pa woimba wanga uja anaseka, n'kupukusa mutu. Si woimba. Ndi wowomba thonje. Utawo ndi wautali kuposa munthu, walendewera ku kansungwi komangidwa m'chiuno kumbuyo n'kupindikira pamwamba pa mutu, ndipo chimene ndinkachiyesa choimbira ndi chibonga cha mtengo chomenyera chingwe. Chingwe chikamanjenjemera m'kati mwa thonje loumbika, thonjelo limamasuka n'kufufuma, ndiye amapangira zofunda zokhuthala za nyengo yozizira. Choyera chimene chili patebulo lake, chimene ine ndinkachiyesa malo amene utoto unasuluka, ndi thonjelo. Agogowo anatsanzira kulira kwa chingwecho ndi pakamwa, akuti ankakumva kuchokera kutali ali mwana. Ndafufuta dzina lolakwikalo m'kope langa.

Pa wosoka mbale anakhala nthawi yaitali. Mbale yadothi ikasweka sankaitaya. Mmisiri ankailumikiza, n'kuimanga ndi chingwe, n'kuipana pakati pa mawondo. Kenako ndi kauta kopekesera, kokhala ndi kamwala ka dayamondi kunsonga, ankaboola timaenje mbali zonse ziwiri za mng'alu, osatulukira kuseri, n'kukhomamo tizitsulo tokhota uku ndi uku, tofanana ndi mawaya omangira mapepala. Mbale inkasunganso madzi. Pachithunzipo zonsezi zilipo: chingwe chozungulira mbale, kauta, nsalu yoyalidwa pamawondo, ngakhale tizitsulo titatu tokhomedwa kale. Anandiuza mwambi wa kwawo woti wopanda dayamondi asalandire ntchito ya mbale. Anauzanso mwana wawo kuti andifotokozere kuti Atchaina akafuna kutchula ntchito zonse za padziko amati ntchito 360.

Anachoka atamwa tiyi. Ine ndinatsala ndikulemba zonse msangamsanga ndisanaiwale.

5 Epulo

Womata miphika ndinamusiya dala kuti akhale cha kumapeto, dzanja litakhwima. Ndi amene anawonongeka kwambiri: ming'alu isanu, ndi bowo la masentimita awiri pamene panali mbali ya mvukuto wake.

Nditamutembenuza ndinapeza chinthu chimene sindinachione pa zithunzi za pafoni. Kumbuyo kwa nkhope ndi manja kuli utoto wofiirira. Tongcao amaonekera, ndiye wojambulayo anapaka khungu kuseri kuti mtundu wake uzituluka mofewa kumaso, ndipo kumasoko anangolemba maso, mphuno ndi pakamwa. Izi zinasintha ntchito yanga, chifukwa mng'alu umodzi ukudutsa padzanja pomwepo. Sindikanamata pamwamba pa utotowo. Ndinaika tizingwe tiwiri, kena pamwamba pa dzanja kena pansi pake, pakati n'kusiyapo.

Kuonekera komweko ndiko kunkawathandiza kujambula zambiri mofulumira. Ankagoneka tongcao pamwamba pa chojambula chakale n'kulondola mizere yake, wina n'kupaka zovala, wina nkhope. Ku Victoria and Albert Museum ku London kuli zithunzi 100 za ntchito zamanja za cha m'ma 1790, zochokera m'shopu ya wojambula wotchedwa Puqua, ndipo zojambula za Puqua yemweyo ndi zimene George Henry Mason anasindikiza ku London mu 1800. Mukaziyang'ana n'kuyang'ananso za pa tongcao zimene zinabwera zaka makumi angapo pambuyo pake, muona ntchito zomwezo, munthu mmodzi patsamba lopanda kanthu, zikubwerezedwa. Masitudiyo odziwika ngati a Tingqua, Sunqua ndi Youqua nthawi zina ankaika chidindo kapena kapepala ka dzina pachikuto. Changachi chilibe, ndiye pa kapepala kofotokozera ndingolemba kuti Guangzhou, zaka za m'ma 1800.

Pali chimene chimandiwawa pa zithunzizi. Amisiri onse asanu ndi atatu ali ndi nkhope imodzi, yosalala, yopanda thukuta. Malaya a womata miphika alibe ngakhale kadontho ka mwaye. Ine ndikudziwa mmene munthu wogwira ntchito ya moto ndi chitsulo amaonekera dzuwa likamalowa. Manja a bambo anga sanayerepo, ngakhale Lamulungu. Ogula ankafuna chinthu chokongola chokaonetsa alendo kwawo, ndipo anapatsidwa chimenecho. Koma pa zida wojambulayo sananame. Mvukutowo ndi wa bokosi la matabwa lokhala ndi chogwirira chokankha ndi kukoka, umene umapemerera popita ndi pobwera pomwe. Pamoto pali kamphika kosungunuliramo zidutswa za chitsulo. Dzanja lamanzere lagwira kansanza kokhuthala kokhala ndi phulusa, pamene ankadonthezerapo chitsulo chamadzimadzi n'kuchikankhira pabowo kuchokera pansi, ndipo lamanja lagwira nsalu yokulunga yotsenderezera pamwamba. Bambo anga ankagwiritsa ntchito hamala ndi malata, osati chitsulo chosungunula, koma akanaona chithunzichi akanadziwa msanga kuti amene anachiyamba anaimapo pafupi ndi mmisiri weniweni.

Bowo lija ndinalimbana nalo m'maganizo sabata yathunthu. Ndikanatha kudula kachidutswa ka tongcao watsopano, n'kujambulapo mbali yosowayo ya mvukuto. Ndakana. Utoto wa madzi ukanafufumitsa m'mbali, komanso ndikanakhala ndikuika dzanja langa pa ntchito ya mwini. Ndangoika pansi pake pepala la mtundu wofanana ndi tongcao wakaleyo, losamata, kuti bowolo lisamakuwe. Amene ayandikira aliona, ndipo zili bwino choncho.

26 Epulo

Makatoni oikamo. Chilichonse chikukhala m'kadzenje: katoni yapansi, ina yobooledwa kuzungulira tsamba lonse kuti chithunzi chimire, ndi yachitatu yapamwamba yokhala ndi zenera. Motero palibe chokhudza utoto. Tsamba lakale la m'chikuto ndalisiya pansi pa chilichonse, ndipo riboni ya silika ndaibwezeretsa ndi timadontho ta Klucel G patsamba, osati pa tongcao.

Katoni yopanda asidi, mapaundi 38. Mazenera anayi oyamba ndinawadula molingana ndi chithunzi, ndiye anaphimba riboni. Riboniyo ndi mbali ya chinthucho, iyenera kuoneka. Ndinagulanso katoni ya mapaundi 19 n'kudula mwatsopano, mamilimita 5 kunja kwa riboni. Zolakwikazo ndazisunga, zigwira ntchito ina.

10 Meyi

Galasi lotchinga kuwala kowononga utoto n'lodula, ndipo ngakhale lilipo, zithunzizi siziyenera kukhala pakhoma chaka chonse. Ndapanga mafelemu awiri okha, onse pamodzi mapaundi 70, otsekuka kumbuyo. Ziwiri zizikhala m'kanjira kopanda zenera kwa miyezi itatu, kenako zizibwerera m'bokosi, zina n'kutuluka. Zoti ana azigwira ndi kuonetsa anzawo ndasindikiza makope 8, mapaundi 16. Ndinachita kujambula ndi kamera kuchokera pamwamba. Pa sikana ayi, chivindikiro chake chimakanikiza.

Zonse pamodzi zafika mapaundi 342, kuphatikizapo 45 yogulira.

Zisanu ndi ziwiri zatha. Wometa ndi womata miphika ali pakhoma kuyambira dzulo. Wonola mipeni ali m'bokosi ndi chibowo chake, ndipo kuseri kwa katoni yake ndalemba ndi pensulo tsiku, chimene ndinapaka ndi chimene chinachitika, kuti wodzamugwira pambuyo panga asadzavutike kufufuza. Watsala wosoka nsapato. Kachidutswa kaja ka mu envelopu nditakayesa pangodya pake kakukwana bwino mbali ziwiri, koma yachitatu inanyenyeka m'chikwama ndipo pakutsala mpata ngati tsitsi. Mayi okonza zojambula aja ati ndipite nacho Lachinayi likudzali tikaonere limodzi pansi pa galasi lawo lalikulu. Makope awiri, wa wowomba thonje ndi wa wosoka mbale, ndawaika mu envelopu ina, mnzanga akawapatsire agogo aja Lolemba.